Chisamani cha Bambo Ake a Kamphepo

Njingayo inali ya a Masofa, ndipo panalibe munthu mumsewu wonsewo amene sankaidziwa, chifukwa inkamveka isanaoneke. Tcheni chinkalira, chishalo chinkalira, belu lokha ndiye linali chete. Mabuleki anali atatha kalekale. A Masofa ankadziwa bwino lomwe, koma munthu wokonza mipando ya anthu tsiku lonse amaweruka manja atatopa, ndiye zake zomwe amati ndiziona mawa. Mawa limenelo linatha miyezi itatu. Iwo akamatsika chitunda chopita ku sitolo ya zitsulo ankangokhwekhwereza chidendene pansi, mpaka nsapato yakumanja inadyeka mbali imodzi.

Kamphepo analibe chidendene chotero. Anali mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi, wamiyendo italiitali, ndipo dzinalo anam'patsa a Masofa omwewo poti mwanayo kuyenda sankakudziwa, ankangothamanga. Loweruka lina masana ulusi wakuda unawathera sofa ili pakati, ndiye anamutuma ku sitolo. Anamuona akukankha njinga kutuluka pageti. Anafuna kumuletsa, koma m'kamwa munali timisomali tinayi ndipo manja onse anali atakoka nsalu, choncho anangoti mumtima apite, si patali.

M'munsi mwa chitundacho munali saluni. Mwini wake, mayi woluka tsitsi wa zala zotchuka, anatuluka kukataya madzi pa nthawi yolakwika, ndipo njinga inawapeza beseni lili m'manja. Anagwera dzanja lamanja, fupa la pamkono n'kuthyoka pawiri. Kuchipatala anawaika chikhakha n'kuwauza kuti zoluka aiwale kaye kwa miyezi itatu, mwinanso zala zina sizidzabwerera mwakale. Kamphepo anangosupuka bondo.

Tsono pali chinthu chimene anthu a mumsewuwo ankachidziwa koma osachitchula: Kamphepo sanali wobereka a Masofa. Anam'peza ali ndi zaka zinayi, pamene ankakwatira mayi ake, amene ankagulitsa mankhwala pa famase. Bambo ake omubereka anali dalaivala wa mabasi a maulendo ataliatali, ndipo ulendo wina anapita osabwerako, ngakhale basiyo inabwerako bwinobwino. Mwanayo ankawatchula a Masofa kuti ankolo, poti ndi mmene mayi ake anawasonyezera masiku a chibwenzi, ndipo dzinalo linakanirira ngati guluu wa pa siponji. Ankolo ndi amene anam'phunzitsa kumanga zingwe za nsapato. Ankolo ndi amene anam'zula dzino loyamba ndi ulusi wosokera sofa, ndipo ankolo omwewo anagona pa benchi ya chipatala masiku anayi mwanayo atadwala chibayo. Pagulu sankadandaula, koma dzinalo linkawalasa, ndipo akanakhala munthu wolankhulalankhula akanavomera.

Tsiku la ngoziyo iwo ndi akazi awo anathamangira kuchipatala kukapepesa. Pakhomo la wodi anakumana ndi mng'ono wake wa wovulalayo, mayi wa pakamwa pa moto, amene anawauza kuti pepani saluka tsitsi, tikaonana kukhoti.

Patatha milungu iwiri chisamani chinafikadi. Sichinali choitanira kwa woweruza ayi, koma kwa mkhalapakati wa pakhoti, amene amayamba wamva mbali zonse kuti mwina nkhani ya chipepeso ithere pa tebulo. Tsiku lake linali Lachinayi la sabata yotsatira, naini koloko m'mawa. Pamzere wa woyankha mlandu panali dzina la dalaivala uja, lonse lathunthu, ndi keyala ya kudepoti ya mabasi. Kunyumba kuno kunangobwera kope lake, louza mayi kuti adzabwere ndi mwana.

Nkhani isanazizire anatulukira achimwene ake a mkaziyo, amene aliyense ankawatchula kuti a Loya. Sukulu ya malamulo sanaipondeko. Anangogwirapo umesenjala ku ofesi ya maloya zaka zinayi, koma zikuoneka kuti mafailo amene ankanyamula kumeneko anawalowa kudzera m'khwapa. Anawerenga pepalalo kawiri, magalasi ali pa nsonga ya mphuno.

"Alamu, inu Mulungu amakukondani," anatero. "Mwana sapereka chipepeso, alibe thumba. Lamulo limasaka kholo. Ndiye kholo ndi ndani? Pepala layankha lokha."

"Koma njinga ndi yanga," anatero a Masofa.

"Njinga ilibe pakamwa."

"Ndinamutuma ndine, alamu."

"Anamva ndani? Mwanayu munamulembetsa m'dzina lanu? Ayi. Ndiye pamaso pa lamulo inu ndinu mlendo wongogona m'nyumba muno basi. Lachinayi mutsegule shopu yanu, mukhome misomali yanu, mlongo wangayu ndipita naye ndine. Mwana wa mwini ndi gaga, alamu, saundika. Musadzisenzetse mtolo wa eni."

Akazi awo sanatsutse. Ankaganiza kuti a ku saluni dzinalo alitenga m'kaundula wa kusukulu, ndipo mkwiyo wa zaka zambiri unawathandiza kuona chilungamo m'kulakwitsako.

"Musiyeni asenzeko kamodzi," anatero akupinda pepalalo. "Zaka zonsezi sanagulepo ngakhale sokosi imodzi. Inu mwachita zambiri, abambo."

Munthu wina akanagona tulo tabwino. Kashopu ka a Masofa sikanali koti n'kunyamula saluni yoima miyezi itatu, ndipo iwo ankadziwa zimenezo kuposa aliyense. Koma mawu oti mlendo wongogona aja sanawachoke m'mutu. Chinawapweteka n'chakuti aka kanali koyamba kuti boma lifunse kuti bambo ake a mwanayu ndani, ndipo yankho linawadumpha iwo n'kukagwera munthu wosadziwa ngakhale saizi ya nsapato ya mwanayo. Ndani anamvapo munthu akuchitira mnzake nsanje chifukwa cha chisamani? A Masofa anachita nsanje, yeniyeni, yolepheretsa kudya.

Lolemba anakhalira kuphwasula sofa ya anthu atatu ya aphunzitsi ena opuma ntchito. Ntchito imeneyi ankaikonda, chifukwa sofa sisunga chinsinsi. Ukang'amba nsalu ya pansi mumagwa zipeso, mabatani, zivindikiro za mapeni, nthawi zina kalata imene wina analumbira kuti sanailandire. Ndipo siponji imakuuza mwini mpando weniweni, osati wosunga lisiti, koma amene anakumba dzenje pakona pokhalapo tsiku ndi tsiku. Anazula misomali yakale umodziumodzi mpaka dzuwa kupendeka. Kenako anavula epuloni, anasamba m'manja, n'kutsika chitunda chija wapansi.

Saluni inali yotsegula koma yozizira. Pa mipando itatu panali kasitomala mmodzi yekha, mutu wake uli m'manja mwa mng'ono uja, amene ankaluka ngati akumanga mtolo wa nkhuni. Mwini saluni anakhala pambali, chikhakha chili pachifuwa, maso ali pa mizere yokhotakhotayo, ndipo zinkaoneka kuti mizereyo ikuwapweteka kuposa fupa.

"Mwadzatani? Nkhani ili kukhoti," anatero mng'onoyo.

"Iwe luka," anatero mkulu wake. "Khalani pansi, a Masofa. Mpando umenewo munakonza nokha, sukugwetsani."

Anakhala, n'kufunsa za mkono. Mayiwo anatukula dzanja n'kuyesa kupinda zala zotulukira kunja kwa chikhakha. Zitatu zinavomera, ziwiri zinangonjenjemera.

"Ziwirizi zikukana, ndiye ndi zogwirira tsitsi zimenezi. Musaone ngati ndasuma chifukwa cha chidani, bambo. Ndili ndi ana atatu amadyera zala zomwezi."

"Ndikudziwa, mayi, ndipo simunalakwe. Chimene ndabwerera n'chakuti mwasumira munthu wolakwika. Kusukulu anakupatsani dzina lakale."

"Kusukulu? Ine kusukulu sindinapondeko. Dzinalo anandipatsa mwana wanu yemwe."

A Masofa anasendeza mpando pafupi, mayiwo n'kupitiriza.

"Anabwera kuno nditangotuluka m'chipatala, ali ndi yunifolomu, bondo lili ndi bandeji. Anapepesa bwinobwino, mpaka anasesa tsitsi pansipa osamutuma. Mwana mwamulera bwino, chilungamo. Kenako akundifunsa kuti, anti, n'zoona mukupita kukhoti? Ndinati eya. Ndiye akuti mukamalemba mulembe bambo anga enieni. Anatulutsa kapepala, dzina, depoti, zonse zili pomwepo. Ine ndimayesa mwamutuma ndinu akuluakulu." Mayiwo anawayang'ana a Masofa kumaso. "Potuluka anabwereranso pakhomopo. Akuti, anti, munthu akalandira kalata ya kukhoti sangakane kubwera eti? Ndinati sangakane. Mukanaona mmene nkhope yake inawalira."

Chitunda chija a Masofa anachikwera ngati asenza sofa kumsana. Mawu oti enieni ankawabaya pa phazi lililonse, ndipo kunena zoona anakwiya. Anakwiyira mwanayo, anakwiyira dalaivalayo, anadzikwiyira okha chifukwa cha zaka zisanu ndi ziwiri zimene zinkaoneka ngati madzi othira pamchenga. Koma pofika pakati pa chitunda mkwiyo unayamba kuphwa, poti anali munthu wozolowera kuyang'ana chinthu ndi kunsi komwe. Mwanayo analibe foni ya bambo ake, analibe wom'perekeza kudepoti, ndipo m'nyumba dzina la munthuyo silinkatchulidwa. Ndiye m'chisamani cha khoti anangopezamo mesenjala amene bambo akewo sakanam'bweza pageti. Kupwetekako sikunathe ayi, koma pambali pake panabwera chisoni.

Kunyumba anam'peza Kamphepo pakhonde akusanja malipoti ake a kusukulu m'kafoda ka pulasitiki, kuyambira la kalasi yoyamba, abwino kwambiri ali pamwamba.

"Za chiyani zimenezo?"

"Basi, ndikungosanja." Anatseka kafodako msangamsanga. Kenako anati, osatukula mutu, "Ankolo, mabuleki ndinagwira. Ndinagwira ndi manja onse awiri."

"Ndikudziwa, mwanawe. Pamenepo wolakwa si iwe."

Zina sanam'funse. Anatulutsa njinga, anaigadabuza, n'kuikamo mabuleki atsopano amene anakhala m'kabati chigulire. Ntchito yonseyo inatha madzi a tiyi asanawire, ndipo zimenezo zinawachititsa manyazi kwambiri. Akazi awo ataweruka anawakokera ku shopu n'kuwafotokozera zonse. Mayiwo analira, kulira kwa mkwiyo, ndipo ankafuna kumuitana mwanayo pomwepo.

"Musiyeni," anatero a Masofa. "Mukam'kalipira mum'landa ndi kochepa komwe ali nako. Lachinayi ndipita nawo."

Lachinayi anafika kukhoti naini isanakwane: a Masofa mu jekete la pa ukwati wawo, akazi awo, a Loya ndi chikwama chachikopa chopanda kanthu mkati, ndi Kamphepo mu diresi la buluu, kafoda kali pachifuwa. Tsitsi anali atamuluka mayi ake. Mayi a saluni, amene anali atakhala kale pa benchi ya kutsidya ndi mng'ono wawo, analiyang'ana kamodzi tsitsilo n'kuyang'ana kumbali mwaulemu.

Podikirira panali pakhonde lalitali la mabenchi uku ndi uku, kumapeto kwake kuli chitseko chotulukira panja. Kamphepo anasankha benchi yoyang'anana ndi chitsekocho. Anakhala chakumapeto, n'kusiya malo a munthu mmodzi pambali pake, ndipo pamalopo anaikapo kafoda kuti wina asakhalepo. Mayi ake anakhala mbali inayo, kenako a Loya, a Masofa kumapeto kwenikweni, pamene thabwa linali litasweka ndipo wina analikhoma ndi msomali wokhota.

"Ndinati musabwere," ananong'ona a Loya. "Poti mwabwera, mukhale ngati benchi yomweyi."

Naini itakwana anatuluka kalaliki, mayi wachikulire wa magalasi a chingwe, n'kuitana dzina la dalaivala uja kawiri. Palibe anayankha. Kamphepo anawongoka khosi ngati kuti dzinalo lingam'tulutse munthuyo m'khoma. A Masofa anadzuka, a Loya asanawagwire, n'kupita pa tebulo la kalalikiyo.

"Mayi, tadikiraniko pang'ono. Amene mukuitanayo amayendetsa basi, mwina msewu wam'chedwetsa. Lowetsani ena kaye."

"Inu ndi ndani wake wa mwanayo?"

A Masofa anacheukira ku benchi kumene kunali mwanayo.

"Ndimakhala naye."

"Chiyambire liti?"

"Zaka seveni tsopano."

Kalalikiyo anawayang'ana pamwamba pa magalasi, kenako anatembenuza pepala n'kuloza ndi peni.

"Apa palembedwa kuti kholo kapena womulera. Mkatimu za magazi safunsa kwambiri. Amafunsa kuti mwana anali m'manja mwa ndani, njinga anam'patsa ndani, akanamuletsa ndani. Uyo akapanda kubwera, nkhani tiiimitsa mpaka adzapezeke, kaya ndi chaka chamawa. Koma wina akalowa n'kunena kuti mwana ali m'manja mwanga, dzina timasintha pomwepo, ndipo mlandu wausenza yekha. Palibe akukukakamizani, bambo. Mwandimva?"

"Ndamva, mayi. Komabe tadikiraniko."

"Mpaka leveni. Ikakwana leveni ndiitana komaliza."

Kulowa akanalowa pomwepo, chifukwa maganizo anali atamanga kale pa chitunda paja. Koma pobwerera ku benchi anaona malo aja ali ndi kafoda, ndipo anadziwa kuti malo amene mwana wasungira munthu wina sungawalande, ngakhale utawafuna chotani. Anakhala pansi pa thabwa lawo losweka, n'kuika manja pa maondo.

Nthawi ya pakhoti imayenda ngati yodwala. Analowa anthu okangana za mpanda, anatuluka akukanganabe. Analowa mwini nyumba ndi wochita lendi, anatuluka aliyense akuyang'ana kwake. Chitseko chapanja chikangolira, Kamphepo ankatukula mutu. Analowa wapolisi, analowa mayi wobereka mwana kumsana, analowa mkulu wina wa ndodo. Cha m'ma teni koloko analowa bambo wamtali wa shati yoyera ya baji pachifuwa, makiyi akulendewera pa lamba. Mwanayo anadzuka theka, dzanja lili kale pa kafoda.

"Amayi," ananong'ona, "ndi awo?"

"Ayi, mwanangu."

Bamboyo anadutsa osawayang'ana n'komwe. Apa m'pamene a Masofa anazindikira kuti mwanayo akudikirira munthu amene nkhope yake sakuikumbukiranso, ndipo mtima wawo unasweka. Nsanje yonse ija inathera pomwepo. Anangozindikira kuti akum'pempherera dalaivalayo kuti abwere, alowe ngakhale mphindi zisanu zokha, aone malipotiwo, anene kuti wakula. Mlandu adzausenza iwo, zimenezo si nkhani, koma munthuyo angobwera.

"Zikuyenda bwino kwambiri," ananong'ona a Loya akuyang'ana wotchi. "Asabwere ndithu. Iimitsidwe, mayi awo atopa okha n'kuisiya."

A Masofa anayang'ana kutsidya. Mayi a saluni ankasisita zala ziwiri zija ndi dzanja lamanzere, pang'onopang'ono, ngati munthu wodzutsa mwana wogona.

"Alamu," anatero, "takhalani chete."

Chikwatire mlongo wawo, a Masofa anali asanawayankhepo chotero, ndipo a Loya anakhaladi chete chifukwa chodabwa.

Hafu pasiti teni itadutsa, Kamphepo anasiya kutukula mutu chitseko chikalira. Ankangoyang'ana nsapato za olowawo, kenako n'kubwezera maso pa nsapato zake. Mayi ake anayesa kum'gwira phewa, iye anasuntha pang'ono. Sanalire, ndipo a Masofa akanakonda akanalira.

Leveni itakwana kalaliki uja anatulukanso, failo ili m'manja. Anayang'ana pa pepala, anayang'ana ku benchi kwawo, ndipo ulendo uno dzina sanatchule.

"Nkhani ya njinga, komaliza. Bambo ake a mwana alipo?"

Dzanja la a Loya linatera pa bondo la a Masofa n'kukanikiza. Linangovutika chabe, chifukwa a Masofa sanafune kudzuka. Anakhala choweramira manja awo, guluu wakale ali m'zikhadabo. Anali atatsimikiza kuti mwanayo akakhala chete, iwonso akhala chete, ndipo mayi a saluni adzakaonana nawo paokha, opanda pepala lowatchula kanthu.

Kamphepo anayang'ana chitseko chapanja. Chinali chotsegula, ndipo kunja kunali dzuwa lokha ndi munthu wosesa masamba. Anayang'ana nthawi yaitali, mpaka kalaliki anayamba kutseka failo. Kenako anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja, n'kutsika pa benchi. Anadutsa mayi ake, anadutsa a Loya, anaima patsogolo pa a Masofa, maso ali pa batani la jekete lawo.

"Ankolo," anatero ndi mawu osasa, "akukuitanani."

A Masofa anachotsa dzanja la alamu awo pa bondo, mofatsa, n'kuimirira.

"Ndilipo, mayi," anatero.